Kawerengedwe ka ofa ya ntchito ya software musanavomere, makamaka ya remote (yogwirira kutali pa intaneti)

Munthu akalandira ofa ya ntchito ya software engineer chinthu choyamba chomwe amachita ndi kutenga nambala ija, kuyigawa pa 12, kenako kuyisintha pa Google kuti aone ndi zingati mu ndalama ya kwawo, basi mtima uli m'mwamba wayamba kale kusankha mtundu wa galimoto. Nanenso ndinachitapo zimenezi ndiye sindikuseka munthu, koma nambala imene ili pa ofayo si ndalama yanu ayi. Ndalama yanu ndi imene yatsala mu akaunti mwezi ukatha, boma litadula msonkho wake, lendi mutalipira, banki itatengapo kake, ndipo anthu awiri atha kukhala ndi ofa zosiyana kutalitali koma wa nambala yochepayo n'kumatsala ndi zambiri. Ndiye musanayankhe imelo ija khalani pansi, tsegulani sheet yowerengeramo ndalama pa kompyuta, muwerenge.

Yambani ndi kuiphwanya nambalayo chifukwa m'kati mwake muli zinthu zitatu kapena zinayi zomwe sizofanana kulemera. Pali base, imene ndi salale yeniyeni yolowa mwezi ndi mwezi, pali bonasi ya pachaka imene imadalira mmene inu mwagwirira komanso mmene kampani yapezera, pali masheya, ndipo nthawi zina pali sign-on, ndalama yapadera yomwe nthawi zambiri amakupatsani kamodzi kokha polowa. Zonse pamodzi amazitcha total compensation kapena TC, ndipo manambala aakuluakulu amene mumaona anthu akuonetsana pa masamba a pa intaneti ngati Levels.fyi kapena Blind nthawi zambiri ndi TC osati base. Ndiye mukamayerekeza base yanu ndi TC ya munthu wa ku Google mukungodzipweteka mtima pachabe.

Nkhani ya masheya ndi pomwe anthu ambiri amapusitsidwa ndiye ndikhalapo pang'ono. Makampani amene ali pa msika wa masheya amapereka ma RSU, omwe ndi masheya a kampaniyo amene amakulonjezani, ndipo kachitidwe kofala ndi kakuti amakupatsani pang'onopang'ono kwa zaka 4, ena amaika chomwe amati cliff kutanthauza kuti mukachoka chaka choyamba chisanathe simutenga kanthu olo sheya imodzi. Komanso kagawidwe kake sikamafanana. Amazon yadziwika kwa nthawi yaitali ndi kagawidwe ka 5, 15, 40, 40, ndiye ngati akulembani masheya a madola 100,000 chaka choyamba mukulandira a 5,000 okha, chachiwiri 15,000, zambirizo zili kumapeto uko, nchifukwa chake amaikapo sign-on ya zaka ziwiri zoyambirira kuti atseke dzenjelo. Munthu amene anangogawa 100,000 pa 4 n'kulemba 25,000 pa chaka waphonya masamu. Ndipo mtengo wa sheya umatsika, mu 2022 masheya a Meta, kampani ya Facebook ija, anagwa kupitirira theka, anthu amene ankati TC yawo ndi yakutiyakuti anangodzuka yafota popanda aliyense kuwadula salale. Za ma startup, makampani ongoyamba kumene, ndiye zina, kumeneko amapereka ma option, omwe ndi mwayi wogula masheya pa mtengo wina wake, si masheya enieni, mumayenera kutulutsa ndalama zanu kuti muwagule, ndipo m'makontrakiti ambiri mukasiya ntchito mumakhala ndi masiku 90 okha oti mugule apo ayi apita. Kampaniyo ikapanda kugulidwa kapena kulowa pa msika, mapepala amenewo simungagulire kanthu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ine ma option a startup ndimawalemba 0 mu sheet, akadzabala ndidzathokoza nthawi yomweyo.

Chachiwiri funsani levulo, kutanthauza giredi ya udindo umene akukuikani. Dzina loti senior palokha silinena kanthu, kampani ya anthu 8 imatha kukutchani senior muli ndi zaka ziwiri pa ntchito pomwe kwina dzina lomwelo mumalipeza patapita zaka zambiri. Ku Google amawerenga L3, L4, L5, ku Meta E3, E4, E5, ku Amazon SDE I, SDE II, ndipo levulo iliyonse ili ndi malire ake a malipiro, pansi ndi pamwamba, omwe amati range. Kukambirana kuti akuwonjezereni pang'ono m'kati mwa levulo ndi kwabwino koma ngati anakuikani levulo yotsika poyerekeza ndi zomwe mumatha, mwaluza zambiri kuposa zomwe mungapemphe, ndiye funso loti “mwandiika levulo iti ndipo range yake ndi yotani” lizibwera msanga.

Tsopano funso lomwe kwa anthu a remote ndi lalikulu kuposa onse: akukulembani ngati wantchito kapena ngati contractor, munthu wodziimira payekha wogwira pa kontrakiti? Kampani ya ku America kapena ku Germany siingangokulembani ntchito muli dziko lina ngati ilibe nthambi yolembetsedwa kumeneko, ndiye imachita chimodzi mwa ziwiri. Ina imadutsa kwa makampani ngati Deel, Remote kapena Oyster amene amakhala olemba ntchito anu pa pepala, amakudulani msonkho ndi penshoni motsatira malamulo a dziko lomwe mukukhala, mumalandira payslip ngati wina aliyense. Ina imangokupatsani kontrakiti, inu muzitumiza invoice mwezi uliwonse, ndipo ngati kampaniyo ndi ya ku America adzakutumizirani fomu ya W-8BEN yoti musaine kusonyeza kuti simuli wokhoma msonkho wa kumeneko. Anthu ena akasaina fomu imeneyi amaganiza kuti basi nkhani ya msonkho yatha, ayi ndithu, yangosamukira kwa inu, dziko lomwe mukukhala likufunabe gawo lake ndipo ndinu amene muzikawerengera ndi kukalipira nokha.

Contractor amaoneka ngati akulandira zambiri chifukwa palibe chomwe chadulidwa. Tiyeni tiwerenge. Chaka chili ndi maola 2,080 a ntchito mukatenga maola 40 pa sabata kwa masabata 52, ndiye wina akakuuzani madola 50 pa ola mutu umathamangira ku 104,000. Koma contractor wolipidwa pa ola akapuma salipidwa, akadwala salipidwa, tsiku la holide salipidwa. Chotsani masiku 20 opuma, 10 a maholide, 5 odwala, amenewo ndi masiku 35 kapena maola 280, mwatsala ndi maola 1,800 ndipo ndalama ija yafika 90,000 musanagule laputopu, musanalipire inshuwalansi ya chipatala, musanasunge ya ukalamba. Kwa amene amakhala ku America komweko palinso msonkho wa anthu odzilemba okha ntchito, self-employment tax ya 15.3 peresenti, imene wantchito wamba amagawana ndi bwana wake koma contractor amasenza yekha. Ndiye ofa ya contractor ikangofanana ndi ya wantchito dziwani kuti ya contractor ndi yochepa.

Masiku opuma nawo ndi ndalama ngakhale saoneka pa nambala. Malamulo a EU amati masabata 4 pa chaka ndiye ochepetsetsa, ku UK ndi masiku 28 kwa wogwira masiku 5 pa sabata, pomwe ku America boma lalikulu silikakamiza kampani kupereka tchuthi cholipidwa olo tsiku limodzi, zimangodalira kampani. Ndipo samalani ndi kuchuluka kwa miyezi, ku Portugal ndi ku Spain salale ya pachaka nthawi zambiri imagawidwa pa 14 osati 12, ku Brazil ndi ku Philippines kuli mwezi wa 13, ku Netherlands kuli 8 peresenti ya ndalama ya tchuthi yomwe ena amaiphatikiza kale mu nambala yomwe akukuuzani, ena ayi. Funsani kuti nambalayi ndi ya pachaka yonse kapena ya pamwezi, ndipo miyezi yake ingati. Safunsa anadya phula.

Nanga bwanji anthu awiri olemba code yofanana, mu timu imodzi, amalandira zosiyana chifukwa cha komwe amagona? Apa makampani anagawanika ndipo muyenera kudziwa kuti amene mukuyankhula nayeyo ali mbali iti. Mu May 2020 Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, ananena kuti antchito ake atha kumagwirira kutali koma amene asamuke malipiro awo asinthidwa kutengera komwe apita. Google nayo mu 2021 inali ndi chida chowerengera antchito kuti akasamukira mzinda wina salale isintha bwanji. GitLab, imene ilibe maofesi ndipo aliyense amagwirira komwe ali, inalemba poyera mu handbook yake kuti imatenga malipiro a ku San Francisco n'kuchulukitsa ndi location factor, nambala imene inaikira dera lomwe munthu akukhala. Mbali inayi kuli Basecamp imene inasankha kulipira aliyense pa mtengo wa San Francisco olo akhale kuti, ndipo Airbnb mu April 2022 inati munthu atha kusamukira kulikonse m'dziko lomwe akugwirira osadulidwa kanthu. Buffer ndiye inayamba kuika poyera masalale a antchito ake kuyambira 2013, mutha kukaona nokha mmene amawerengera.

Chomwe ndinachedwa kumvetsa ndi chakuti makampani odula malipiro potengera dera aja kwenikweni sakuyang'ana mtengo wa zinthu kwanuko, akuyang'ana mtengo wa anthu. Funso lawo si loti mumawononga zingati pa mwezi, funso lawo ndi loti tikapanda kukulembani inu, wina wodziwa ngati inu m'dera lomwelo tingamupeze pa zingati. Nchifukwa chake London ndi mzinda wodula koopsa koma ma engineer ake ambiri amalandira zochepa poyerekeza ndi a ku Seattle kapena San Francisco, lendi ya ku London siinakweze salale kufika pamenepo chifukwa chomwe chimakweza salale ndi makampani kulimbirana anthu. Izi zikusintha mmene muyenera kuyankhulira. Mukauza recruiter, munthu wofunira kampani antchito uja, kuti zinthu zakwera mtengo, ana akufuna fizi, adzakumverani chisoni basi n'kukupatsani nambala yomweyo. Mukamuuza kuti muli ndi ofa ina ya remote ya ndalama zakutizakuti, pamenepo mwamuonetsa kuti msika wanu si wa m'dera mwanu mokha, ndipo amapita kukafunsa kwa akuluakulu ake.

Tsopano sheet ija. Pangani mizati iwiri kapena itatu, ofa iliyonse mzati wake, ndipo zonse muzilemba pa mwezi komanso mu ndalama imodzi. Manambala otsatirawa ndangopeka kuti muone kachitidwe kake, inu muikemo anu. Tinene kuti ofa A ndi ya madola 150,000 pa chaka koma muyenera kusamukira mu mzinda wodula, ofa B ndi ya 70,000 ya contractor muli komwe muli. A ikupereka 12,500 pa mwezi, misonkho ndi zodulidwa zina zitenge 35 peresenti mwatsala ndi 8,125, lendi 3,500, zina zonse 2,500, chotsala 2,125. B ikupereka 5,833, msonkho utenge 25 peresenti mwatsala ndi 4,375, inshuwalansi, intaneti, magetsi ndi kusungira laputopu ina 500, lendi ndi zina zonse 1,500, chotsala 2,375. Ofa yomwe ndi yochepera theka yapambana. Koma musathamange kunena kuti ndiye remote ndiyo yabwino nthawi zonse, sinthani A ikhale 220,000 muone, lendi ija siikwera nawo, ndiye pafupifupi zonse zowonjezerazo zikachoka msonkho zikupita ku chotsala, ndipo B siingayandikire olo pang'ono. Apa ndi pomwe ma calculator a pa intaneti amasokoneza anthu, amakuuzani kuti mzinda uwu ndi wodula kawiri ndiye mukufunika salale yowirikiza kawiri, ngati kuti munthu amadya ndalama yake yonse. Gawo lomwe mumasunga silidziwa kuti munalipeza mu mzinda wodula, dola yosungidwa ku Zurich ndi dola yomweyo kulikonse. Ndiye yerekezani chotsala mu manambala enieni osati mu maperesenti.

Pofufuza mitengo ya mzinda womwe simunakhaleko, tsamba la Numbeo limathandiza kungopeza chithunzi koma manambala ake amalowetsa ndi anthu wamba ndiye musawakhulupirire ngati malemba. Lendi ndiyo imadya kwambiri, pitani pa masamba enieni otsatsa nyumba a mzindawo muone nyumba yomwe inuyo mungakhalemo ndi banja lanu, osati avereji. Msonkho nawo musamangoganizira, ku America kokha umasiyana, California imadula msonkho wake pamwamba pa wa boma lalikulu pomwe Texas ndi Washington sadula msonkho wa state pa salale. Ngati muli ndi mwana wamng'ono onjezani mzere wa kosiya mwana masana, m'mizinda ina mzere umenewu umapikisana ndi lendi. Ndipo zinthu zina mtengo wake susintha olo mukhale kotchipa bwanji, MacBook, tikiti ya ndege, ma subscription, zimenezi zimatsatira dola, ndiye amene akukuuzani kuti kwanu n'kotchipa mulandire zochepa akuiwala dala mbali imeneyi.

Pali kabowo kena komwe ndalama imadontha osaona, kayendedwe kake kuchoka kwa iwo kufika kwa inu. Kontrakiti yanga yoyamba ya remote ndinasaina osawerenga bwino mzere wonena za nthawi yolipira, unali wa masiku 45 kuchokera pomwe alandira invoice, ndipo invoice ndimatumiza mwezi ukatha, ndiye ndinagwira ntchito miyezi iwiri ndi theka ndisanaone olo kakobiri, ndikulowa standup, msonkhano waufupi wa timu, tsiku lililonse n'kumamwetulira pa kamera m'thumba muli mbee. Itabwera ndalamayo inali yoperewera, banki ina ya pakati inadulapo yake, yanga inadulanso, kenako anandisinthira pa rate yawo yomwe inali yotsika poyerekeza ndi yomwe ndimaona pa Google. Ndinakhala ndi foni m'manja ndikuwerenga kangapo kuganiza kuti mwina ndalakwitsa ine. Ndiye funsani zinthu izi musanasaine: alipira mu ndalama yanji, kudzera njira iti, kaya Wise, Payoneer kapena SWIFT, ndalama yotumizira alipira ndani, komanso pakadutsa masiku angati. Onaninso ngati njirayo imagwira m'dziko lomwe muli chifukwa si zonse zimafika kulikonse. Ngati ndalama ya dziko lanu imagwa mphamvu kawirikawiri, limbikirani kuti kontrakiti ilembedwe mu dola kapena euro, ikalembedwa mu ndalama yofooka ndiye kuti chaka chilichonse mukudulidwa salale mwakachetechete.

Pa kukambirana penipeni, recruiter amafunsa msanga kuti mukuyembekezera zingati kapena pano mumalandira zingati. Funso lachiwirili musayankhe, makamaka ngati mukuchokera ku kampani yolipira pang'ono, chifukwa akangomva nambala yanu yakale amangowonjezerapo kachidutswa n'kumaona ngati akuchitirani chifundo. Nenani mwaulemu kuti mungakonde kumva kaye range yomwe anaikira udindowu. Masiku ano kupeza range sikovuta ngati kale, Colorado inayamba kukakamiza makampani kulemba malipiro pa zotsatsa ntchito mu 2021, mzinda wa New York mu November 2022, California ndi Washington mu January 2023, ndipo EU inakhazikitsa lamulo lake la kuonetsa malipiro poyera mu 2023. Ndiye sakani udindo womwewo wa kampani yomweyo wotsatsidwa ku madera amenewa, muona nambala yomwe amalipira kumeneko, olo asakupatseni yonseyo mukudziwa pomwe denga lili. Phatikizani ndi Levels.fyi, Glassdoor ndi kafukufuku wa pachaka wa Stack Overflow, koma kumbukirani kuti amene amalemba malipiro awo pa masamba ngati amenewa nthawi zambiri ndi amene zikuwayendera, wolandira zochepa sathamangira kukalengeza.

Ofa ikabwera musavomere pa foni, thokozani, pemphani ayilembe, pemphani masiku angapo. Kenako bwererani ndi nambala imodzi ndi chifukwa chake, osati kudandaula. Akati base yafika pa malire funsani za sign-on, masiku opuma, ndalama ya zipangizo, kapena kuti alembe mu kontrakiti kuti adzaunikanso malipiro pakatha miyezi 6. Zongolonjezana pakamwa musaziwerengere, manejala amene analonjezayo mawa achoka.

Walira mvula walira matope, ndalama ya remote imabwera ndi zake. Ngati timu ili ku San Francisco inu muli ku London ndiye pali maola 8 pakati panu, 10 koloko yawo ya m'mawa ndi 6 koloko yanu ya madzulo, ndipo amene ali kum'mawa kupitirira apo misonkhano imawapeza usiku, funsani kuti amafuna maola angati oti nonse mukhale pa intaneti limodzi. Onani notice period, makontrakiti ena a contractor amatha ndi chidziwitso cha masabata awiri popanda chipukuta misozi chilichonse, ndipo pomwe Meta inachotsa anthu 11,000 mu November 2022 kenako Google 12,000 mu January 2023 aliyense anaona kuti dzina lalikulu silitchinjiriza munthu. Ine mu sheet ndimaika mzere wosunga ndalama yokwana miyezi 6 yokhala opanda ntchito ndipo ndimauwerenga ngati bilu osati ngati chotsala. Komanso ngati mukuganiza zomayendayenda ndi laputopu dziko ndi dziko, maiko ambiri amayamba kukuonani ngati wokhoma msonkho wawo mukakhalako masiku 183 pa chaka, ndipo kampani ya location factor ija mukasamuka imawerenganso salale yanu, ndiye auzeni musananyamuke ndipo yankho lawo likhale pa imelo.